Nsapato za Achimwene Zinathera kwa Nyani

Mpaka lero ndikamva munthu akunena kuti kukwera phiri n'kosangalatsa, ndimamuyang'ana kumapazi, kenako ndimachokapo. Sinditsutsana naye. Mkwiyo wanga ndimausamala, chifukwa ndi katundu yekhayo amene ndinabwera naye wathunthu pa ulendo uja.

Nthawi imeneyo ndinkakhala kwa achimwene ku Kanyama. Koleji ndinali nditaisiyira panjira. Ndinkaphunzira za kasungidwe ka katundu, ndipo mutu wa kulandira katundu ndinaumaliza bwinobwino, koma wa kuteteza katunduyo unali m'chaka chimene sindinafikemo. Ndinkagona pabalaza, pakati pa njinga ndi filiji yakufa. Ndikalakwa kanthu, achimwene ankangotchula Chawama. Kumeneko kuli azakhali athu, amene amadzutsa nyumba yonse kusanache kuti ipemphere, ikatha kupemphera ikatunge madzi.

Ulendowo anaukonza ndi tcheyamani wa achinyamata a kutchalitchi kwathu, munthu woyankhula ngati wailesi yopanda potsekera.

"Ni kaulendo chabe, bakamba," anatero. "Kuli kamudzi ka azungu, na tumapili twabwino. Tizayendako pang'ono, tijambulise, tibwele. Koma muchene!"

Mawu omalizawo sanafunikire n'komwe. Munthu wa mu komboni sapita koyenda atavala zosesera pabwalo. Ulendo ndi chithunzi, ndipo chithunzi chimayambira kunsapato.

Ine nsapato ndinalibe. Achimwene anali nazo: zofiirira, zosongoka, zowala moti ntchentche inkaterereka. Anazifunafuna pa salaula, msika wa zovala zakale, miyezi yambiri, chifukwa m'banja mwathu tili ndi mapazi ngati mabwato, ndipo saizi yathu imabwera mwa apo ndi apo ngati madzi a pampopi. Ulendo unali Loweruka. Lamlungu lake achimwene ankapita ku Matero kukaonekera koyamba kwa makolo a mtsikana amene ankafuna kumukwatira. Ndinawapempha sabata yonse mpaka anatopa.

"Iwe, mvela," anatero akundipatsa, dzanja lisanazisiye. "Mailo niyenda kwa apongozi. Izi nsapato zikabwela na kachilonda olo kamozi, unyamule chola chako. Ku Chawama."

Ndinalumbira ndi nkhope ya munthu wophunzira.

Inali nyengo ya mvula, ndipo aliyense wa ku Kanyama amadziwa mwambo wake. Nsapato zabwino siziponda madzi athu. Umaziika m'pulasitiki, n'kuvala patapata, n'kuwoloka komboni yonse utakweza buluku. Ukafika pa msewu wa tala umatsuka mapazi, umavala nsapato, patapata n'kusiya pa kantemba, kagolosale ka munthu wodziwana naye. Pulasitikiyo umaipinda n'kuika m'thumba. Ndinachita zonsezi mwadongosolo, ndipo ndinakwera basi ndili bwana kuyambira m'akakolo kutsika pansi.

Ku kamudziko tinafika dzuwa litakwera. Kanali ka nyumba zaudzu zogona alendo ndi amuna ogulitsa mvuu zosema. Tinatsika ndi majekete, mataye, atsikana ndi nsapato zazitali, wina atanyamula sipika paphewa. Pafupi panali azungu ovala akabudula ndi zinsapato zonyansa ngati za omanga msewu. Tinawamvera chisoni. Mtsikana wina wa kwaya ananong'ona kuti anthu a ndalama sadziwa kuvala.

Wotitsogolera anali bambo wina wa m'mudzimo, wodya nzimbe. Anatiyang'ana kumapazi mmodzimmodzi, n'kulavula chikhutu, osanena kanthu. Kusanena kanthu kumeneku ndikukusunga m'buku la mumtima mwanga.

Kenako ndinaliona phirilo. Tumapili twa ba tcheya tunali chimwala choimirira ngati khoma la ndende, pamwamba pake pali china, kuseri kwa chinacho kukusuzumira chinanso. Ndinafunsa ngati pali msewu wozungulira. Bambo wa nzimbe analoza m'mwamba ndi nzimbeyo.

Sitinapite patali ndisanamve mwala ukukhudza nsonga ya nsapato yakumanja. Ndinaima ngati ndaponda njoka. Ndinapukuta ndi malovu: panalibe chilonda, koma Chawama ndinaiona ndi maso. Apo ndinachita zimene mwana aliyense woleredwa bwino ku Kanyama akanachita. Ndinavula nsapato, ndinatulutsa pulasitiki m'thumba, ndinaziikamo, ndinamanga pakamwa pake. Masokosi ndinaika m'jekete. Ndinayamba kukwera phiri la eni ake ndi mapazi osavala, nditavala taye.

Anzanga anandiyamikira. Ena anadandaula kuti mapulasitiki awo anasiya m'basi. Bambo wa nzimbe anaona zonsezi, pulasitiki ikulira m'manja mwanga ngati ya munthu wochokera kogula mabanzi, ndipo anapitiriza kutafuna.

Za ululu sindinena zambiri. Miyala ya kumeneko inanoledwa ndi munthu wodana ndi anthu. Minga inkalowa m'phazi n'kukhazikika ngati yalipira lendi. Pena tinkakwawa ndi manja, ine ndi dzanja limodzi, linalo litakweza pulasitiki m'mwamba ngati mwana wopita ku ubatizo. Ba tcheya anali patsogolo, thukuta lili chuchuchu, koma pakamwa posatopa.

"Tafika, bakamba! Ni apa chabe!"

Tikafika apa chabe, pankatuluka phiri lina.

"Ba tcheya, imwe munabwelako kuno?" ndinafunsa.

"Ninaona pa foni."

Munthu anaona phiri pa foni, lalitali ngati chala chake, n'kusonkhanitsa ana a eni ake. Ndikanakhala ndi dzanja lopuma, nkhani ino ikanakhala ya kukhoti.

Pamwamba tinafika ndithu. Amati kumaoneka dziko lonse, ndipo mwina n'zoona. Ine ndinaona thanthwe loti ndikhalepo. Anthu anayamba kukonza makolala kuti ajambulitse, ndipo nanenso nthawi ya nsapato inali itakwana, chifukwa sindinavutike chonchija kuti ndituluke pa chithunzi ngati mbusa wa mbuzi. Koma nsapato yobwereka suilowetsa phazi la magazi ndi dothi. Ndinaika pulasitiki pambali panga, ndinatenga botolo la madzi, ndinawerama kutsuka zala.

Apo kunatulukira nyani, ndipo sanathamange. Anabwera akuyenda pang'onopang'ono ngati mwini nyumba pa tsiku loyamba la mwezi. Ananyamula pulasitiki, anandiyang'ana m'maso, n'kudumphira pa mwala wina, pakati pathu pali phompho.

Anaing'amba. Anatulutsa nsapato yakumanzere, anainunkhiza, analowetsamo dzanja mpaka m'chigongono. Nkhope yake inaonetsa kuti wakhumudwa nafe tonse. Anatulutsa yakumanja n'kuiluma kunsonga.

"Ba nyani," ndinatero, manja ndikuwomba mwaulemu, "napapata. Si zanga izo."

Sindichita manyazi ndi ulemu umenewu. Ndapatsapo ulemu anthu ochepera nyani uja.

Mtsikana wa kwaya uja anatulutsa banzi m'chikwama n'kundipatsa. Ndinaliika m'mphepete mwa thanthwe. Nyani analiona. Anadumpha kubwerera mbali yathu, anasiya nsapato yakumanzere pansi, yakumanja akadaigwira, n'kuyamba kuyandikira banzilo. Tinali pafupi kumvana. Malonda anali kuyenda bwino pakati pa anthu awiri aulemu.

Pamenepo ba tcheya anaganiza zotsogolera.

"Choka, Satana!" anakuwa, n'kuponya mwala.

Mwalawo sunamugunde. Nyani anatola banzi, anatsikira kuphompho, nsapato yakumanja ili kukhwapa ngati Baibulo. Tinaiona ikuwala kamodzi m'mitengo ya m'munsi, basi.

Bambo wa nzimbe anayandikira, anasuzumira kuphomphoko, ndipo kwa nthawi yoyamba anatsegula pakamwa popanda nzimbe.

"Kuno sitinyamula pulasitiki. Anyani amati muli chakudya. Kodi sindinakuuzeni?"

"Osadandaula, bakamba," anawonjezera ba tcheya, akundigwira phewa. "Chachikulu ni moyo. Bwelani tijambulise."

Chithunzicho chilipo. Ndili kumapeto, nsapato imodzi m'manja, ndikuyang'ana khosi la ba tcheya.

Titabwerera, kantemba kamene ndinasiyako patapata kanali katatsekedwa. Ndinawoloka madzi a Kanyama ndi mapazi ong'ambika, nsapato ija nditaikweza pamwamba pa mutu, chifukwa mwambo ndi mwambo. Achimwene ndinawapeza akusita malaya a mawa, akuimba mluzu. Ndinaika nsapatoyo patebulo. Inalibe chilonda ngakhale chimodzi, ndipo ndinawasonyeza zimenezo.

"Inzake?"

"Ili na nyani."

Anaika simbi pansi mosamala.

"Nyani wa kuti? Wa mu Kanyama muno?"

Ndinafotokoza zonse: phiri, pulasitiki, banzi, mwala. Ndinatsindika kuti m'dongosolo langa munalibe cholakwika, ndi kuti ndikanazivala zikanabwera zonse ziwiri koma zitatha. Anamvetsera mpaka kumapeto. Sanakuwe. Anangofunsa ngati chola changa chili ndi zipi yogwira.

M'mawa mwake anazungulira komboni kufuna kubwereka, koma mapazi a m'banja mwathu alibe mnzawo. Ku Matero anapita atavala suti ndi majombo a kuntchito opaka polishi. Mtsikanayo anamukwatira ndithu, koma alamu awo mpaka pano akamawaona amafunsa ngati kunja kukugwa mvula. Asananyamuke anaika chola changa pakhomo, nsapato ija pamwamba pake.

Ku Chawama azakhali anailandira nsapatoyo bwino kuposa mmene anandilandirira ine. Amatsekerezera nayo chitseko cha kukhitchini kuti chisamenyeke ndi mphepo, ndipo ndimaidutsa m'mawa uliwonse ndi zigubu ziwiri. Pa mapemphero a mbandakucha amatiuza kuti aliyense atchule amene wamukhululukira. Achimwene ndinawatchula sabata yoyamba. Nyani ndinamutchula patapita miyezi, poti iye anangotsata mwambo wa kwawo monga ine ndinatsata wa kwathu. Bambo wa nzimbe ndikuganizirabe. Zikafika pa ba tcheya ndimatsokomola, azakhali n'kunena ameni.