Mphuno ya Azakhali

Azakhali anga akhala akuchapa ndi kusita zovala za anthu kwa zaka makumi awiri, ndipo chida chawo chachikulu sichinali simbi ayi, inali mphuno. Shati ankangoinunkhiza n'kudziwa kuti sinaume bwino m'khwapa. Simbi ikatenthetsa ankaimva ali panja, nsalu isanapse. Ife amene tinakulira m'nyumba mwawo tinaiona mphuno imeneyo: ukanama kuti wasamba, ankakugwira usanatseke pakamwa.

Chaka chatha anadwala chimfine choopsa. Iwo anachira, koma mphuno inatsalira komweko. Sopo, utsi, anyezi, zonse zinangokhala ngati madzi. M'mwezi umodzi anawotcha mashati awiri ndi diresi la eni ake, makasitomala n'kuyamba kuzemba mmodzimmodzi. Tsiku lina ndinawapeza atakhala pa ndowa yovundikira akulira, ndipo zinandipweteka mtima kwambiri.

Nzeru inachokera kwa namwino wina amene amachapitsa mayunifolomu ake kwa iwo. Anawauza kuti agule timabotolo ta mafuta onunkhira, a mandimu, a bulugama ndi a maluwa a rozi, azinunkhiza m'mawa ndi madzulo, mwina mphuno n'kukumbukira ntchito yake.

Azakhali akagwira chinthu amagwira ndi manja awiri. Anandandalika timabotolo tija pawindo, padzuwa, pafupi ndi tebulo lositirapo, n'kuchotseratu zitsekerero kuti fungo liziwapeza lokha tsiku lonse. Miyezi iwiri inatha akununkhiza osaphonya. Nditapita kukawaona, ndinatola ka mandimu n'kukaika pamphuno.

"Azakhali, umu mulibe mandimu. Mukununkha ngati penti yakale."

"Iwe, usandinamize!"

"Zoona. Dzuwa ndi mphepo zinamaliza kalekale."

Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anaseka mpaka kugwira nthiti. "Ndiye miyezi yonseyi ndakhala ndikuodira pakhomo popanda anthu?"

Tinakagula ena. Ulendo uno anawasamala ngati mazira: timabotolo takuda, totseka zolimba, m'katoni ya nsapato, pamwamba pa wadiropu pomwe sipafika dzuwa, kutentha kwa simbi kapena manja a ana. Amuna awo anapatsidwa udindo wokhala mphuno ya pabanja. Sabata iliyonse azakhali ankawaitana, "Bambo, tanunkhizani aka, kakadali moyo?" Iwo ankanunkhiza atatsinzina, n'kupereka chigamulo.

Loweruka lapitali ndinapitako ndi mwana wanga wa miyezi itatu. Azakhali anamunyamula n'kumamuseweretsa, koma mwadzidzidzi analeka n'kukwinya nkhope. Anayang'ana simbi, inali yozima. Ananunkhiza uku ndi uku, kenako anatembenuza mwana uja n'kuika mphuno pathewera.

"Wabiba!" anakuwa. "Mwanayu wabiba! Ndamva ndekha, sanandiuze munthu! Bambo, thamangani kuno, wabiba!"

Amuna awo analowa ali wefuwefu, nsapato ili kuphazi limodzi. Aneba anasuzumira pawindo poganiza kuti kwagwa zovuta. Anapeza azakhali akuvina ndi mwana pakati pa milu ya zovala, misozi ili mbwembwembwe, nanenso ndikulira ndi kuseka nthawi imodzi. Nditatambasula manja kuti ndikamusinthe, azakhali anabwerera m'mbuyo atamukumbatira zolimba.

"Tadikira kaye, mwanawe," anatero. "Ndimveko pang'ono."