Kupala moto wa mawu a amayi

Mu foni yanga yoyamba munali mawu a amayi anga. Ndinawajambula tili ku Mithete, asanatisamutse chifukwa cha mgodi wa malasha. Ankaimbira mwana wanga kuti agone. Pakati pa nyimbo anatsokomola, n'kunena kuti, "Chotsa chinthu chakocho kukamwa kwanga," kenako anaseka. Titafika ku Mualadze sanakhalitse, anamwalira.

Foniyo inayamba kudwala. Batire inatupa, ndipo inkazima yokha. Mlongo wanga wa ku Zóbuè anati ndipite ku Moatize, pafupi ndi msika, kwa mayi wina amene ankaikira anthu nyimbo m'mafoni.

Ndinamupeza m'kachipinda, kompyuta yake ataifundika chitenje kuopa fumbi. Madalaivala a magalimoto a malasha ankalowa ndi kutuluka, ine ndili chiimire pakhomo, mwana kumbuyo.

"Mana, mwabwera kudzandilondera?" anandifunsa mayiyo. "Lowani, mwana akupsa ndi dzuwa."

Ndinayamba kufotokoza, koma mawu anga satuluka bwino pagulu. Anazimitsa nyimbo zake kuti andimve.

"Palibe vuto," anatero, akutenga foniyo. "Tiwasamutsira mu kompyuta."

Ndinalanda foni m'manja mwake. Kusamutsa ndimakudziwa ine. Kumene tinachoka sikunatsale khoma kapena mtengo wa mango.

"Asiyeni momwemo," ndinatero. "Anasamuka kale."

Sanandiseke. Anafunsa kwathu, ndipo nditatchula Mithete anamvetsa.

"Ndalakwitsa mawu, mana. Mukakapala moto kwa anzanu, wawo umazima?"

"Suzima."

"Basi, tikupala moto."

Ndinamupatsanso. Analumikiza foni ku kompyuta ndi chingwe, koma kompyuta sinaione. Anachotsa fumbi pakabowo ndi kamtengo ka machesi, nayesa chingwe china. Zinakanikabe. Ndinaganiza kuti andibweza, koma anati pali njira ina yosafuna chingwe, bulutufi. Anaika foni pa chaja, ndipo popeza pakabowo panali pogwedera, anapanikiza ndi chala chachikulu osasiya. Dzanja linalo linkagwira ntchito pa kompyuta. Kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa pang'onopang'ono.

"Dona, ine ndikuchedwa," anadandaula dalaivala wina.

"Malasha anu sawola, bambo. Dikirani."

Kamzere katafika kumapeto, amayi anaimba m'masipika akuluakulu a kompyuta yake. Onse anatchera khutu. Atafika ponena za chinthu kukamwa, dalaivala uja anaseka, ine ndikupukuta misozi ndi chitenje. Kenako mayiyo anatsegula pa foni yanga kuti ndidzimvere ndekha. Amayi analimo, sanachoke.

Anawaikanso pa kakhadi kakang'ono ngati chikhadabo, n'kukamanga pansonga ya chitenje changa. Anandigwira chala, kundionetsa pobaya kuti foni ziwiri zionane, mpaka ndinatha ndekha.

"Moto wa nyumba imodzi mvula imazimitsa," anatero. "Mukagawireko abale."

Foni ija inafa mvula isanagwe. Kakhadi ndinakaika mu ina imene bambo a mwana anandigulira. Nthawi yokumba mbatata ndinakwera shapa, minibasi ya kwathu, kupita ku Zóbuè. Tinakhala pakhonde ndi mlongo wanga, foni ziwiri pamphasa, ndipo ndinabaya ndekha.

"Mawu a mu yako akatha bwanji?" anafunsa.

"Satha, achimwene. Mvetserani."

Amayi anatsokomola m'foni yake, kenako anatsokomolanso mu yanga.