Mapanelo Ofulatira Dzuwa

Sukulu ndinalekeza Fomu 2, koma kuwerenga sindinaleke. Za sola ndinaziphunzira m'buku lokhuthala lopanda chikuto limene ndinagula pa mulu wa mabuku akale mumsika wa Mzuzu. Ndinkalikhulupirira kuposa abusa athu. Linati mapanelo aziyang'ana kum'mwera, ine n'kumvera. Zaka zinayi ndinakwera madenga a ku Ching'ambo ndi ku Nkhorongo, ndikumangira kum'mwera, molimba chomene.

Chimene ndinkafuna chinali laisensi. Popanda pepala limenelo, ntchito za m'masukulu ndi m'zipatala umangoziona zikudutsa, iwe zako n'za mababu atatu ndi wailesi. Ndinalemba mafomu, ndinadikira, mpaka mu Juni wina kunabwera mayi woyendera ntchito kudzaona nyumba imodzi imene ndinaikamo sola. Ndinasankha ya aphunzitsi ena ku Geisha, ntchito imene ndinkainyadira. Mpaka jekete ndinavala.

Mayiwo anaona mawaya, n'kugwedeza mutu movomereza. Kenako anatuluka panja, kuyang'ana dzuwa, kuyang'ananso denga.

"Adada, dzuwa lili kuti?"

Ndinaloza kumpoto.

"Nanga mapanelowa bwanji alifulatira? Anayambana?"

"Buku limatero, amama."

Ndinali nalo m'chikwama, ndipo ndinawapatsa monyadira. Anatsegula masamba awiri okha.

"Ili analemba ndi a ku Ulaya. Kwawoko dzuwa limadzera kum'mwera. Kuno miyezi yozizira limapendekera kumpoto."

Aphunzitsi aja anali ataima pakhomo. "Ndiye n'chifukwa chake batire limatha msanga Juni aliyense? Si inu munkati ndi nkhungu ya Mzuzu?"

Ndinkaterodi. Nkhunguyo ndinainamizira zaka zinayi, yosalakwa.

Laisensi sinatuluke. Anandiuza kuti ndiyambe ndapita ku koleji ya ntchito zamanja. Kumeneko amafuna satifiketi ya Fomu 4, imene ndilibe, ndipo imvi zayamba kale m'mutumu. Nkhani inathamanga kuposa njinga ya kabaza. Aphunzitsiwo anaitana wina kudzatembenuza mapanelo. Ine sanandilole kupondanso padenga lawo.

Masiku ano ndimagulitsa mababu ndi matochi pakhonde la sitolo ya alamu anga. Popita kunyumba ndimadutsa madenga anga aja, ena akadafulatirabe dzuwa. Eni ake ndimawapatsa moni, "Monire," koma maso sindikweza. Bukulo ndikadali nalo. Mutu wonena za mawaya ndi wabwino kwambiri.