Magolovesi a Zala Zitatu a Mayi Masiye

Tsiku limene mayi Gladys Masiye anakwera basi yobwerera ku Thamesmead, kumene ankakhala m'dziko la azungu, atanyamula chikwama cha magolovesi makumi anayi okanidwa, anakhala mpando wakumbuyo kwenikweni kuti asaonane ndi munthu wowadziwa.

Mayiwa anali atasiya ntchito yosamalira okalamba chifukwa cha msana. Chimene chinawatsalira chinali makina osokera, ndi mbiri yoti kutchalitchi kwawo palibe amene ankawaposa pa singano. Oda yawo yoyamba inachokera kwa bambo Crispin, mzungu wa ku Lewisham, mtsogoleri wa gulu limene Loweruka limavala ngati anthu a zaka mazana asanu ndi limodzi zapitazo n'kumasewera moyo wamakedzana m'mapaki.

Pateni imene anawapatsa inali ya zala zitatu zokha: chachikulu, ndi timatumba tiwiri tolowamo zala ziwiriziwiri, ngati phazi la mbuzi. Mayi Masiye anamva chisoni kuti munthu wamkulu chotero sadziwa kuwerenga zala zake. Posafuna kumuchititsa manyazi, anakonza okha mwakachetechete. Golovesi lililonse analipatsa zala zisanu.

Bambo Crispin anawatembenuzatembenuza nthawi yaitali.

"Ndi okongola, mayi," anatero. "Koma ife timasewera ngati oweta nkhosa. Awa ndi a bishopu."

Kunyumba, mlongo wawo Biswick sanazungulire. "Asisi, bwererani ku mashifiti basi. Msana uzolowera."

"Msana ndi wanga, Biswick, ndipo wandiuza kale kuti suzolowera."

M'mawa mwake mayi Masiye anapita kunyumba yosungirako zithunzi zakale. Anaima pa chithunzi cha oweta nkhosa akuwerenga zala za magolovesi awo chapansipansi, mpaka mlonda anabwera kudzafunsa ngati ali bwino. Apo ndi pamene anamvetsa: zala zikakhala ziwiriziwiri zimafunditsana, koma dzanja limagwirabe chingwe.

Anasoka ena, anawavala okha pa siteji ya basi m'chisanu cha mu Januwale kuti awayese. Ana a kutchalitchi anayamba kuwatchula Anti Nkhanu. Iwo ankangowabayibitsa ndi zala zitatuzo.

Ulendo wachiwiri bambo Crispin anakanda mutu. "Msokowu wawongoka kwambiri. Nthawi imeneyo makina kunalibe."

Zaka makumi atatu akuphunzira kusoka mowongoka, tsopano aphunzire kukhotetsa. Anaphimba makina ndi chitenje, anagula nsalu yaubweya, ulusi wokhuthala ndi phula, nayamba kusoka pamanja. Zala zinatupa. Anaphwasula kasanu ndi kawiri.

Ulendo wachitatu bambo Crispin anatenga magolovesiwo. Anangovala, osavulanso.

Loweruka lina la mvula mayi Masiye anapita kupaki kukaona. Anthu akuluakulu makumi awiri, dokotala wa mano ali momwemo, ankaweta nkhosa ziwiri zobwereka. Imodzi itaona galu inathawa, kukoka bambo Crispin m'matope chafufumimba. Chipewa chinagwa, nsapato inavuka, koma chingwe sichinapulumuke m'manja mwawo.

Atadzuka analoza mayi Masiye pamaso pa anthu onse. "Ofuna otere, telala wake ndi uyo."

Madzulo amenewo magulu ena atatu anatenga nambala yawo. Lero amasokera ngakhale a zisudzo, ndipo amene amanyamula maphukusi kupita nawo ku positi ndi Biswick.

Inu amene ntchito yanu yabwezedwa, mwina kawiri, musafulumire kunena kuti zatha. Funsani pamene palakwika, phwasulani, lowetsaninso ulusi pa singano. Mtima wokhawo ndiye musautaye.