Ng'ombe Zanga Zili M'foni

Chinali chaka cha 2023, ine ndili ndi zaka 76. Ndinali ndi ng'ombe, koma panalibe munthu wodziwa kuti ndi zingati. Ngakhale mkazi wanga ankangoganizira.

Sukulu ndinalekeza Sitandade 5. Ng'ombezo ndinazipeza ndi chikwanje m'minda ya nzimbe, zina ndi thonje. Kwathu kuno munthu wanzeru sasunga ng'ombe zake m'khola limodzi. Amaikiza. Ziwiri kwa mlamu, zitatu kwa mnzako wopemphera naye, zina kwa msuweni wa kwa Katunga. Wosungayo amamwa mkaka, amatenga ndowe, ndipo ikaswa kangapo umamusiyira thole. Madzi akasefukira kuno, uko zatsala. Mbala ikalowa uko, kuno zilipo. Pakhomo panga, kufupi ndi Bangula, pankagona ziwiri zapangolo basi. Anthu ankandiyesa wosauka, ndipo ine ndinkagona tulo tabwino.

Chaka chimenecho mdzukulu wanga, wobadwa kwa mwana wanga wamkazi, anabwera kudzakhala nafe. Munthu wandevu kale, Folomu 4 anakhoza, ntchito analibe. Anafika ndi laputopu yosweka pangodya, yomanga ndi mphira. Anati akuphunzira bulokotcheni.

"Odziwa zimenezo amadya chiyani?" ndinamufunsa.

"Agogo, makampani akunja amawalemba ntchito iwo atakhala pakhomo."

"Kukhala pakhomoko wakhoza kale."

Sukulu yake inali pansi pa mtengo wa nimu, pamene netiweki imagwira. Mphunzitsi wake anali munthu wa m'kanema, woyankhula Chingerezi chothamanga, wosamva funso. Mdzukuluyo ankamuimitsa, n'kukopera, n'kumubwezeranso. Akadina, pankatuluka zilembo zofiira. Tsiku lina anakhala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, thukuta kamukamu, kusaka chimene chalakwika. Anapeza kuti anaiwala kadontho. Anavina. Ine ndinali nditakhala ndi wailesi yosayankhula, chifukwa moto wonse wa sola unathera m'kadonthoko.

Nditamupanikiza anandifotokozera. "Ndi kaundula, agogo, koma sakhala kwa munthu mmodzi. Makompyuta ambirimbiri amasunga zofanana. Chimene walembamo sichifufutika, ndipo wakuba sangabe konsekonse."

"Ndiye azunguwo aphunzira kuikiza," ndinatero. "Achedwa."

Maphunzirowo ankafuna kuti wophunzira aliyense apange chinthu chakechake choti akaonetse kwa olemba ntchito. Iye anasankha ng'ombe zanga. Anati ajambula iliyonse, mtundu wake, nyanga zake, mizere ya pamphuno, n'kulemba kuti mwini wake ndine. Ati ikabedwa, wogula adzayang'ana m'foni n'kuikana.

"Wogula wake uti? Uja amagula ng'ombe m'mawa, masana ili kale pa chiwaya?"

Sanamve. Vuto lake linali lakuti kumakola kuja netiweki kulibe, komanso ankafuna kanema wa gulu lonse pamodzi. Anapempha kuti zibwere pakhomo kwa sabata imodzi yokha. Ndinakana. Anapemphanso, ndinakananso. Kenako madzulo ena, ndikusewera bawo ndi anzanga, anaima kumbuyo kwanga n'kunena mokweza kuti, "Basi agogo, ndasiya. Mwina anthu amanena zoona kuti muli ndi ziwiri zokha."

Anzangawo anaseka. Ine sindisekedwa pakhomo panga. M'mawa mwake ndinatumiza mawu kumakola onse.

Onse anamvera kupatula mlamu wanga wa kwa Malemia, Msena wouma mutu, amene ankasunga ziwiri. Anabwera yekha pa njinga, wopanda ng'ombe, n'kukana kukhala pampando.

"Nkhabe, mlamu," anatero. "Pyapezi ipyo. Zopanda pake. Mukufuna kuitanira akuba ku msonkhano?"

"Ng'ombezo ndi zanu?"

"Ndi zanu, n'chifukwa chake sizibwera."

Ndinamuuza mawu amene sindingalembe pano. Anakwera njinga yake.

Zinazo zinafika ndi fumbi. Tinakulitsa khola ndi mitengo yaminga. Anthu anasiya zochita n'kubwera kudzaona, ena ochokera kumsika, ena sindinkawadziwa n'komwe. Ndinavala jekete, kutentha konse kuja, n'kukhala pampando pafupi ndi chipata. Aja anaseka pa bawo aja anandipatsa moni atavula zipewa.

Katswiriyo anayamba ntchito. Ng'ombe sankadziwa kuigwira. Msoti wina unamugwetsera m'ndowe, foni ili m'mwamba ngati mwana wakhanda. Yoyamba kulembedwa inali nkhunzi yanga yofiira, ndipo anailemba kuti ndi yaikazi. Ndinati akonze. Anati sizitheka, zalowa kale. Mpaka lero makompyuta a dziko lonse akugwirizana kuti nkhunzi ija ndi yaikazi.

Sabata inatha asanafike pakati. Zilembo zofiira zija zinabweranso, ndipo anabwerera kwa mphunzitsi wake wosamva funso. Msipu wapafupi unatha, ng'ombe zinayamba kuonda. Kanema yekha ndiye anamaliza msanga. Anamuika pa intaneti, nyumba yanga ikuoneka, mtengo wa nimu ukuoneka, khola lonse mpaka kumbuyo kwake.

M'mawa wina mkazi wanga anatuluka ndi tsache n'kubwerera wopanda tsache. Ndinapita kukhola, munalibe ng'ombe ngakhale imodzi. Chipata chinali chotseka bwinobwino, koma kumbuyo mitengo inali itazulidwa n'kusanjidwa pambali mwaulemu. Galu wathu anali gone pafupi ndi nkhokwe, thovu kukamwa. Tinatsata mapazi mpaka ku Shire. Pamadzi palibe mapazi.

Kupolisi mdzukulu wanga anatulutsa foni. Wapolisi anayang'ana zithunzi zonse modekha, nati ng'ombe zake n'zokongola. Kenako anafunsa ngati chinthucho chikuonetsa kumene zili. Sichinkaonetsa. Chinkangonena kuti mwini wake ndine.

Pobwerera ndinauza mdzukuluyo kuti azichotse m'kaundula muja. Sindinkafuna kuti zizindiyang'ana.

"Sizifufutika, agogo."

"Ndiye lemba kuti zabedwa."

Anayang'ana pansi. "Polembapo zimenezo sindinapange. Phunziro limenelo sindinafikepo."

Sindinamumenye. Anali wamkulu, ndipo ine ndinali nditatopa.

Pano ali ku Blantyre. Ndimamva kuti anamaliza maphunzirowo ndipo anzake a pa intaneti anayamikira ntchito yake, makamaka kanema uja. Amaimba foni Lamulungu. Amayankhula ndi agogo ake aakazi. Akuti tsopano anafika pa phunziro lija, ndipo akhoza kulemba kuti ng'ombe yabedwa. Zikomo kwambiri.

Mlamu wanga sananenepo kanthu. Ziwiri zija zilipo, imodzi yaswa. Mu bulokotcheni sizinalembedwemo, choncho kwa ophunzirawo kulibe ng'ombe zoterozo. Nthawi zina mlamuyo amatumiza mkaka m'botolo, wopanda uthenga. Ndikanakonda akanandituka.

Zimene zinapita ndi izi. Nkhunzi imodzi yofiira. Zapangolo ziwiri, ndipo ngoloyo yaima mpaka matayala aphwa. Zazikazi zisanu ndi ziwiri, zitatu mwa izo zili ndi bere. Misoti inayi. Ana a ng'ombe atatu. Galu mmodzi.