Aphunzitsi amene anayang'ana mano a Esinati

Ndi mwana wa a Fanuel, osoka makoka ku Chipoka, ndi mayi Eveles. Aphunzitsiwa ana awo ndi Rute ndi Samueli. Ife timangoti aphunzitsi aakulu. Amayenda mosafulumira, choko atachipanika kukhutu, ndipo mwana aliyense wa m'kaundula wawo amamudziwa mpaka agogo ake. Oyendera sukulu akafunsa chiwerengero cha ana, iwo amayamba kutchula maina. "Ine sindilemba mitu," amatero, "ndimalemba anthu."

Tsiku lolembetsa Sabu A, kalasi yoyambira sukulu, mwana amadutsitsa dzanja pamwamba pa mutu kuti agwire khutu la mbali inayo. Akalephera, ndiye kuti sanakule. Tsono mdzukulu wanga Esinati anapsa mapewa ndi moto wowambira nsomba ali wakhanda, mikono yake siikwera. Mphunzitsi wothandizira anamubweza kawiri. Chaka chino ndinamuperekeza ndekha, nsalu nditamanga zolimba, ndili wokonzeka kulalata.

Mpata wolalatawo sindinaupeze. Aphunzitsi aakulu, munthu wolemekezeka chotere, anagwada pamchenga pamaso pa mwanayo.

"Tandisekereni, mayi."

Esinati anaseka, mano atsopano akutsogolo ali mbee!

"Awa ndi mano a munthu wa sukulu. Mulembeni," anauza mphunzitsi wothandizira uja.

M'mawa mwake ndinawatengera chambo chowamba, koma anakana. "Agogo, mudzandilipira tsiku limene Esinati adzagwire choko ichi n'kuphunzitsa anzake."

Ine ndikukalamba, ndipo iwo akudziwa. Tikakumana panjira ndimagwada, iwo n'kungoloza choko chija kukhutu kwawo.