Zikho za ku Kamwala

Ba neba athu kuno ku Chelstone ndiwo amagwira thumba la zamasewera ku yunivesite. Amavala tayi ngakhale Loweruka, ndipo sindinawaonepo akuthamanga, ngakhale pothawa mvula. Mawu awo ndi amodzi: "Palibe pa bajeti." Amawanena mofatsa, akumwetulira, ngati akukudalitsa. Atsikana a mpira wamanja amasinthana majezi akadali onyowa ndi thukuta, iwo amati ndiko kuphunzira umodzi.

Mwana wanga Thandazani amathamangira yunivesite yomweyo. Mu Ogasiti anasankhidwa kukapikisana ku Ndola. Chofunika chinali ya basi ndi malo ogona masiku awiri basi. Ndinakawaimirira ba neba pa geti.

"Ba neba, mwana wavutika chaka chonse, muthandizeniko."

"Awe, amake Thandazani, palibe pa bajeti. Azayenda chaka chamawa, akali mwana."

Sanapite. Nsapato zake zothamangira anaziponya pansi pa bedi.

Mu Disembala, maofesi atatseka, ba neba anafika kunyumba ndi makatoni atatu m'galimoto, naitana Thandazani kuti awathandize kutsitsa. Munali zikho khumi ndi ziwiri zonyezimira, zogula ku msika wa Kamwala.

"Nanga izi n'za ndani?" ndinafunsa.

"Ndalama zinasalako," anayankha opanda manyazi. "Ngati sitinazisilize chaka chisanathe, bazatidulila bajeti ya chaka chamawa."

Thandazani ananyamula chikho chachikulu kwambiri. Ba neba anamuombera m'manja.

"Onani, amake, mwamene chamuyenelela!"